Kodi sikelo yanga yoyezera makalata ndi ya mu 1840?

Mmodzi mwa owerenga walemba kuti: "Ndagula sikelo yakale yoyezera makalata kwa munthu wogulitsa zinthu zamakedzana. Ili pa kathabwa kolimba, ili ndi mbale ziwiri zamkuwa pamwamba, ndipo kutsogolo kwake kuli maenje asanu okhazikamo miyala yoyezera, koma miyala ilipo inayi yokha. Pa mbale imodzi panazokotedwa manambala awa: 1 oz 1d, 2 oz 1½d, 4 oz 2d. Wondigulitsayo anati ndi ya mu 1840. Kodi n'zoona? Nanga ndiipukute kuti iwale? Ndikufunanso kudziwa mmene ndingayambire kusonkhanitsa masikelo otere popanda kupusitsidwa."

Sikelo yanuyo si ya mu 1840, ndipo umboni wake mwaulemba nokha m'funso lanuli. Musakhumudwe nazo, chifukwa malinga ndi mmene mwaifotokozera, muli ndi chinthu chabwino chomwe chikhoza kukhala kuti chadutsa zaka 125. Kungoti wogulitsayo anatchula chaka chomwe ogulitsa ambiri amakonda kutchula akaona sikelo ya makalata ya ku Britain, pakuti chaka cha 1840 ndi chomwe chinabala masikelo amenewa.

Chisanafike chakacho, positi ya ku Britain inkawerengera mtengo wa kalata potengera kutalika kwa ulendo ndi kuchuluka kwa mapepala, ndipo nthawi zambiri wolipira ankakhala wolandira kalatayo osati wotumiza. Munthu wamba sankasowa sikelo pakhomo pake. Zinthu zinasintha pamene boma linavomereza maganizo a Rowland Hill akuti kalata izilipiridwa potengera kulemera kwake, mtengo ukhale umodzi m'dziko lonse, ndipo wotumiza azilipiriratu. Kuyambira pa 10 Januwale 1840 kalata yosapitirira theka la aunsi inkayenda ndi peni imodzi, ndipo mu Meyi chaka chomwecho munatuluka sitampa yoyamba pa dziko lonse, yotchedwa Penny Black. Kuchokera pamenepo aliyense wolemba makalata pafupipafupi, kaya wamalonda, loya, m'busa kapena mayi wapakhomo, anafunika kudziwa kulemera kwa kalata yake asanamatepo sitampa, makamaka chifukwa kalata yolipiridwa mopereweza inkachititsa kuti wolandira alipitsidwe kawiri ndalama yotsalayo, zomwe zinali zochititsa manyazi kwa wotumiza. Amisiri a ku Birmingham ndi ku London sanachedwe kuona msika umenewu.

Tsopano tiyeni tiwerenge mbale yanu. Zilembo za oz zikuimira aunsi, yomwe ndi magalamu 28.35, ndipo chilembo cha d chikuimira peni yakale ya ku Britain. Sikelo ya m'zaka zoyambirira ikanalembedwa kuti theka la aunsi ndi 1d, aunsi imodzi ndi 2d, maaunsi awiri ndi 4d, chifukwa imeneyo ndiyo inali mitengo ya mu 1840. Yanu ikunena kuti peni imodzi ikunyamula aunsi yathunthu, maaunsi awiri ndi peni ndi theka, ndipo maaunsi anayi ndi mapeni awiri. Mitengo imeneyi inayamba kugwira ntchito pa 5 Okutobala 1871, ndipo inakhala choncho mpaka pa 22 Juni 1897, pamene pokondwerera kuti Mfumukazi Victoria yatha zaka 60 pampando, positi inalola kuti peni imodzi izinyamula kalata yolemera mpaka maaunsi anayi. Mmisiri sakanazokota mitengo yomwe inali isanakhazikitsidwe, ndipo sakanapitiriza kuzokota mitengo yakale kwa nthawi yaitali yatsopano itabwera, poti palibe amene akanagula sikelo yomusokeretsa. Choncho mbale yanu inazokotedwa pakati pa 1871 ndi 1897, kapena patangopita nthawi yochepa.

Mwachita bwino kulemba mizere itatu yonse, chifukwa mzere woyamba pawokha ukhoza kunamiza. Pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, mu Novembala 1915, positi ya ku Britain inabwereranso ku peni imodzi pa aunsi imodzi, koma maaunsi awiri anali mapeni awiri osati peni ndi theka. Munthu wongowerenga mzere wapamwamba akhoza kusokoneza sikelo ya mu 1916 ndi ya mu 1875. Mu Juni 1918 mtengo wotsikitsitsa unakwera n'kufika pa peni ndi theka, ndipo nyengo ya kalata ya peni imodzi inathera pomwepo. Yang'ananinso mbale yanu bwinobwino ndi galasi lokulitsa zinthu. Ngati pansi pa manambalawo pali mawu osonyeza kuti mtengo ukusintha kalata ikapitirira maaunsi 12, ndiye kuti sikeloyo ndi ya pakati pa 1871 ndi 1885, popeza mu 1885 malire amenewo anachotsedwa. Ngati yatchula mitengo ya mapaselo, siingakhale yakale kuposa Ogasiti 1883, pamene positi ya m'dzikolo inayamba kunyamula mapaselo. Ngati yatchula makalata opita kunja pa mtengo wa 2½d pa theka la aunsi, imeneyo ndi ntchito ya mgwirizano wa mapositi a mayiko womwe unasainidwa ku Bern mu 1874 n'kuyamba kugwira ntchito mu 1875.

Komabe ndikuchenjezeni kuti mitengo imanena msinkhu wa mbale, osati wa sikelo yonse. Mbale imamasuka, ndipo ndaonapo masikelo angapo omwe mbale yake inachokera pa sikelo ina, thabwa pa ina, miyala kwinanso, zonse n'kulumikizidwa ndi munthu wofuna kupeza phindu. Chifukwa cha ichi mboni imodzi siikwanira. Muyenera kufunsa mboni zingapo, monga kapangidwe ka sikeloyo, dzina la wopanga, zizindikiro zodindidwa, miyala ndi zomangira, kenako n'kuona ngati zonse zikunena chimodzimodzi.

Kapangidwe ka yanu, ka mbale ziwiri zokhala pamwamba, kamatchedwa Roberval, potengera dzina la katswiri wa masamu wa ku France, Gilles Personne de Roberval, yemwe anakaonetsa kwa akatswiri anzake ku Paris mu 1669. Mukasuzumira pansi pa mbalezo muona mitanda iwiri yopingasa, wina pamwamba wina pansi, yolumikizidwa ndi timizati tiwiri tonyamula mbale. Sikelo ikapendekeka, timizatito timakhalabe chilili, ndipo mbale sizitaya kalata. Chodabwitsa cha nzeru imeneyi n'chakuti zilibe kanthu kuti kalata mwaiika pakati pa mbale kapena m'mphepete, muyeso umatuluka womwewo. Mutha kuyesa nokha: ikani mwala wa aunsi imodzi mbali ina, chinthu cholemera chimodzimodzi mbali inayo, kenako muzisuntha chinthucho pa mbalepo. Ngati muvi wapakati ukusuntha kwambiri, ndiye kuti timipeni tachitsulo tomwe mtanda umatsamirapo tinatha, kapena mtanda wapansi unapindika kapena unasinthidwa. Kapangidwe aka kanagwiritsidwa ntchito kwa zaka zoposa 100 pa masikelo a makalata, motero pakokha sikangakuuzeni chaka.

Pali mitundu ina yomwe mudzakumana nayo mukayamba kusonkhanitsa. Wina ndi wa sipuling'i, ndipo wotchuka kwambiri pakati pa akale ndi uja wooneka ngati choikapo kandulo, wokhala ndi kambale pamwamba ndi kamuvi kotsika m'mbali mwa chitsulo chobooka. R. W. Winfield wa ku Birmingham ankapanga otere kuyambira mu 1840 momwemo, ndipo kampani ya George Salter ya ku West Bromwich, yomwe chizindikiro chake ndi mfundo ya chingwe yolasidwa ndi muvi, inapanga masikelo a sipuling'i ochuluka kwambiri. Vuto la mtundu uwu n'lakuti sipuling'i imatopa, ndipo muvi sumabwereranso pa ziro. Mtundu wina, womwe ine ndimaukonda kuposa yonse, ndi wokhala ndi chitsulo cholemera cholendewera pa mkono. Mukaika kalata pa mbale, chitsulocho chimakwera mozungulira mpaka chitalingana ndi kulemera kwa kalatayo, ndipo muvi umaloza nambala pa kachitsulo kokhota kolembedwa miyeso. Sufuna miyala yotayika, ulibe sipuling'i yotopa, ndipo ukakhazikidwa pamalo osapendekeka umayezabe molondola ngakhale patapita zaka zambirimbiri. Anthu a ku Germany ndiwo anauzamira mtundu umenewu, makamaka kampani ya Philipp Jakob Maul ya ku Hamburg ndi ya Jakob Maul ya ku Odenwald, ndipo anagulitsa masikelo awo m'mayiko ambiri atalemba miyeso ya dziko lomwe akupita. N'chifukwa chake sikelo yolembedwa maaunsi ikhoza kukhala yopangidwa ku Germany.

Dzina la wopanga lifunefuneni pa mtanda wapamwamba, pansi pa mbale, ndi pa chitsulo chomwe chagwira thabwa. Dzina lomwe osonkhanitsa amalilakalaka pa masikelo onga anu ndi la S. Mordan & Co ya ku London, kampani yomwe inatchukanso ndi mapensulo asiliva. Mukalipeza mukondwere, koma musalitenge ngati chaka. Sampson Mordan mwiniwakeyo anamwalira mu 1843, koma kampani yake inapitirira mpaka mu 1941 pamene fakitale yake inaphulitsidwa pa nkhondo yachiwiri. Kumbukiraninso kuti dzina lozokotedwa pa kachitsulo kokhomedwa pa thabwa kawirikawiri limakhala la sitolo yomwe inagulitsa sikeloyo osati la mmisiri. Masikelo ambiri abwino alibe dzina lililonse, ndipo kusowa kwa dzina si chizindikiro cha chinyengo.

Zizindikiro za boma ndizo mboni zokhulupirika kwambiri zikapezeka. Ku Britain, kuyambira mu 1842 mpaka mu 1883, mmisiri akalembetsa kamangidwe ka chinthu chake ankadindapo kachizindikiro ka ngodya zinayi koimirira pa nsonga, kokhala ndi zilembo za Rd pakati ndi timanambala ndi tizilembo m'ngodya mwake. Tizilembo timeneti timanena tsiku, mwezi ndi chaka chomwe kamangidweko kanalembetsedwa. Kuyambira mu 1884 anasiya kachizindikiroko n'kuyamba kudinda Rd yotsatana ndi nambala, yomwe inkakwera chaka ndi chaka. Pa masikelo a ku Germany mudzaona zilembo zosonyeza kuti luso la chinthucho linalembetsedwa ku boma: D.R.P., yomwe siingakhale yakale kuposa 1877, ndi D.R.G.M., yomwe inayamba mu 1891 n'kugwiritsidwa ntchito mpaka cha m'ma 1940. Mawu akuti Made in Germany anafala pambuyo pa lamulo la ku Britain la mu 1887 lokakamiza kuti katundu wakunja azilembedwa kumene wachokera. Zizindikiro zonsezi zimanena chaka chomwe sikelo siingakhale yakale kuposa pamenepo, koma sizinena chaka chomwe inatuluka m'fakitale, pakuti kamangidwe kolembetsedwa mu 1880 kakhoza kukhala kakupangidwabe mu 1895. Chosiyana ndi masikelo asiliva a ku Britain, omwe amakhala ndi zidindo zosonyeza mzinda womwe silivayo anayesedwa, monga nangula wa ku Birmingham kapena mutu wa kambuku wa ku London, pamodzi ndi chilembo cha chaka chenichenicho.

Pa miyala ndi pomwe ndikufuna muthere nthawi yochuluka, chifukwa ndi pomwe osonkhanitsa atsopano amagwa kawirikawiri. Miyala ndiyo imayamba kutayika, ndipo ogulitsa amadzaza maenje ndi miyala iliyonse yomwe aipeza. Tengani sikelo yamakono yoyeza magalamu muyeze mwala uliwonse. Wa theka la aunsi ukhale pafupi ndi magalamu 14.2, wa aunsi imodzi 28.3, wa maaunsi awiri 56.7, wa maaunsi anayi 113.4. Kuperewera pang'ono si vuto, poti mkuwa umaperepeseka ndi kugwiridwagwiridwa. Koma mwala wolembedwa 1 oz ukalemera magalamu 31.1, umenewo ndi wa osula golide kapena ogulitsa mankhwala, omwe aunsi yawo inali ina, ndipo sunabwere ndi sikelo ya makalata. Mukatero yerekezani miyala inayiyo. Kodi manambala ake analembedwa ndi dzanja limodzi? Kodi timitu togwirira tikufanana? Kodi mtundu wa mkuwa ndi umodzi? Kenako bwezerani uliwonse m'dzenje lake. Mwala weniweni umalowa mosavuta koma sumagwedera, ndipo mukauchotsa mumapeza pansi pa dzenjelo pali bwalo looneka mosiyana ndi thabwa lonse, lofanana ndendende ndi tsinde la mwalawo, chifukwa wakhala pamenepo zaka zambiri ukutchinga fumbi ndi kuwala. Bwalolo likakhala lalikulu kapena laling'ono kuposa mwala, dziwani kuti mwalawo ndi mlendo. Miyala ina ya masikelo a makalata inkalembedwa mtengo wa kalata m'mapeni kuwonjezera pa kulemera kwake, ndipo ikatero iyenera kugwirizana ndi mitengo ya pa mbale.

Masikelo abodza aliponso, ngakhale ambiri mwa iwo sanapangidwe kuti anamize munthu koma kuti akongoletse tebulo, ndipo amasanduka akale akangodutsa m'manja mwa ogulitsa awiri kapena atatu. Tembenuzani sikelo yanu muone pansi. Zomangira zokhala ndi mizere iwiri yopingasana pamutu zinayamba kufala cha m'ma 1930, motero pa sikelo ya m'nthawi ya Victoria muyenera kupeza za mzere umodzi zokhazokha. Chomangira chimodzi chatsopano chikhoza kungosonyeza kuti wina anakonzapo, koma zonse zikakhala zatsopano payenera kukhala mafunso. Thabwa likhale lenileni, osati lomatikiza timapepala ta matabwa kapena la utuchi. Kutha kwa chinthu chakale kumaoneka pomwe manja ndi makalata zinkakhudza, monga pakati pa mbale, pa timitu ta miyala ndi m'mphepete mwa thabwa, pamene ukalamba wochita kupaka umakhala wofanana paliponse. Mmisiri wakale ankasalaza ngakhale mbali zobisika, pomwe ntchito yongokopera imasiya mizere yokakala ya chikombole pansi pa mtanda.

Pa funso lanu lopukuta, yankho langa n'lakuti ayi, ndipo ndikunena izi ndi mtima wonse. Mkuwa wa masikelo amenewa unkapakidwa vanishi wopyapyala wooneka ngati golide, ndipo ena apamwamba ankakutidwa ndi golide weniweni. Mankhwala opukutira mkuwa amakhala ndi timchenga tosaoneka tomwe timachotsa chikuto chimenechi, ndipo chikachoka sichibwereranso. Choipa kwambiri n'chakuti kupukuta mobwerezabwereza kumafufuta manambala ozokotedwa aja, omwe ndiwo akuuzani msinkhu wa sikelo yanu lero. Ndinagwirapo sikelo ina yowala ngati kalilole yomwe mitengo yake inali itatsala pang'ono kuzimiririka, ndipo zinandipweteka mtima kuona kuti chikondi cha mwiniwake ndicho chinafafaniza mbiri yake. Miyala ikapukutidwa imapepukanso. Chomwe mungachite ndi kuchotsa fumbi ndi kaburashi kofewa, kupukuta ndi kansalu kouma, ndipo ngati pali litsiro louma mugwiritse ntchito kathonje konyowa pang'ono n'kuumitsa nthawi yomweyo. Phula loyera lopanda mankhwala, lopakidwa mopyapyala kwambiri, limateteza mkuwa ndi thabwa lomwe. Pa timipeni tachitsulo musathirepo mafuta, chifukwa amakoka fumbi n'kuchititsa kuti sikelo izikakamira. Mukaona dzimbiri lobiriwira lofumbutuka ngati ufa, limenelo likudya chitsulo, ndipo ndi bwino kupita nalo kwa wodziwa kusamala zinthu zakale. Sikeloyo isungeni pouma, kutali ndi dzuwa, ndipo poinyamula muzigwira thabwa osati mtanda.

Njira yowerenga mitengoyi imagwiranso ntchito pa masikelo a mayiko ena, bola mudziwe mitengo ya dzikolo. Ku United States kalata inali masenti 3 pa theka la aunsi kuyambira mu 1863, masenti 2 pa theka la aunsi kuyambira mu 1883, masenti 2 pa aunsi yathunthu kuyambira mu 1885, ndipo inakwera kufika pa masenti 3 mu 1932 n'kukhala pomwepo mpaka mu 1958. Panalinso kanthawi kochepa, kuyambira mu 1917 mpaka mu 1919, pamene inali masenti 3 chifukwa cha nkhondo. Masikelo a makampani a ku Chicago monga Pelouze ndi Triner amalemba mitengo imeneyi pa nkhope yake, ndipo yotchula mapaselo a positi ndi ya mu 1913 kapena pambuyo pake. Ku France kalata yoyamba kulipiridwa ndi sitampa mu 1849 inkathera pa magalamu 7.5, motero mwala wa kulemera kwachilendo kumeneko ndi chizindikiro chabwino cha sikelo yakale ya kumeneko. Ku Germany malire a kalata wamba anakwera kuchoka pa magalamu 15 kufika pa 20 mu 1900, ndipo pa masikelo ambiri nambala ya malireyo inkalembedwa mooneka kwambiri.

Pa za kusonkhanitsa, malangizo anga ndi akuti musathamangire kuchuluka. Sankhani kagawo kamodzi, kaya dziko limodzi, wopanga mmodzi, mtundu umodzi wa kapangidwe, kapena sikelo imodzi pa nyengo iliyonse ya mitengo ya ku Britain, ndipo mukadziwe bwino kagawoko mpaka diso lanu lizitha kuona cholakwika musanachiganizire. Masikelo okongoletsedwa ndi miyala yamtengo wapatali, timatabwa tamitundumitundu ta ku Tunbridge Wells kapena zadothi za Wedgwood amakopa maso ndipo ndi okwera mtengo, koma wongoyamba amaphunzira zambiri pa sikelo wamba yathunthu kuposa pa yokongola yosokonezedwa. Samalani ndi masikelo okhala ndi tizidutswa ta minyanga ya njovu, chifukwa malonda ake ndi oletsedwa kapena ali ndi malamulo okhwima m'mayiko ambiri, ngakhale chinthucho chikhale chakale. Pali bungwe la osonkhanitsa masikelo akale lotchedwa International Society of Antique Scale Collectors, lomwe mamembala ake akhala akulemba za opanga ndi zizindikiro zawo kwa zaka zambiri. Sikelo iliyonse yomwe mwagula muziilembera kakhadi kake konena kumene mwaipeza, kulemera kwa mwala uliwonse, zizindikiro zonse ndi chilichonse chomwe mwasinthapo.

Za dzenje lopanda mwala lija, yambani mwapeza kuti mwala wosowawo ndi uti. Ngati inayi yomwe muli nayo ndi ya maaunsi 4, 2, 1 ndi theka, yang'anani kukula kwa dzenjelo kuti mudziwe ngati munkakhala mwala waukulu kuposa yonseyo kapena wofanana ndi umodzi mwa iyo, ndipo muyeze m'mimba mwa bwalo la pansi pake ndi rula. Ogulitsa zinthu zakale amakhala ndi miyala yotsalira ya masikelo omwe anawonongeka, ndipo mukayenda ndi muyeso umenewo pamodzi ndi mwala umodzi woyerekezera, tsiku lina mudzapeza wa m'nyengo yomweyo wolowa bwino. Kufikira tsikulo dzenjelo lisiyeni lopanda kanthu, ndipo mukadzaupeza mwalawo mudzalembe pa kakhadi kaja kuti sunabwere ndi sikeloyo.